Nkhope ya bashi Pearl

Lolemba, 9 Juni

Andigoneka m'mawa uno mu wodi ya maso, mbali ya azimayi, bedi la pafupi ndi zenera. Kukuzizira. Mwana wanga Pearl wandisiya pano n'kuthamangira kunyumba ku Chelstone, chifukwa bambo ake sangakhale okha. Wandigulira kope ndi cholembera chakuda chonenepa kuti ndizilemba zonena madokotala, poti masiku ano ndikuiwalaiwala. Ndikulemba zilembo zazikulu ngati za pa bolodi. Ndinaphunzitsa ana aang'ono ku Kabwata mpaka kupuma pantchito, choncho dzanja likudziwa njira lokha.

Ndine Rhodah, mkazi wa Norbert Chabala. Abale awo a ku Mansa amawaitana kuti bashi Pearl, ine bana Pearl, kutanthauza bambo ake ndi mayi ake a Pearl m'Chibemba, ndipo nanenso ndinazolowera.

Diso lamanja linafa ndi chikuku ndili mwana ku Katete. Limangodziwa kuti kunja kwacha. Lamanzere ndi limene landisunga moyo wonse. Cha mu Epulo zinthu zowongoka zinayamba kupindika, felemu la chitseko, waya woyanikapo zovala. Kenako pakati penipeni panabwera kamdima. Ndikayang'ana munthu ndimaona makutu, tsitsi, kolala ya malaya, koma pamene pali maso ndi pakamwa palibe kanthu.

Kwa wina si vuto lalikulu, anthu umawadziwa ndi mawu. Koma bashi Pearl alibe mawu. Sitiroko inawagwira zaka zitatu zapitazo, inatenga mbali yamanja ndi lilime. Munthu amene ankagulitsa matikiti a basi ku siteshoni ya Intercity, woitana a ku Mansa mpaka kumveka kumsewu, lero amalankhula ndi nkhope basi. Woiwerenga nkhopeyo ndine. Njala, kuzizidwa, kufuna kutembenuzidwa, kukwiya ndi nkhani za pa wailesi, zonse zimakhala pamenepo. Miyezi iwiri ino ndakhala ndikungolota, ndipo kawirikawiri ndimaphonya. Sabata yatha ndinawakakamiza phala iwo akufuna kuchimbudzi. Analira. Ndi chimene ndabwerera pano.

Lachiwiri, 10 Juni

Tsiku lonse kuyezedwa. Shuga ali bwino. BP yakwera pang'ono, andipatsa piritsi. Pa bolodi la zilembo ndawerenga chachikulu cha pamwamba chokha, nachonso mwakuba, poyang'ana cham'mbali. Andidonthezera mankhwala okulitsa mwana wa diso, kenako andikhazika pa makina ojambula mkati mwa diso, amawatcha OCT. Umaika chibwano pakachitsulo n'kuyang'ana kanyali kobiriwira. Ine kanyaliko sindinakaone, kanali pamalo pomwe pali mdimapo.

Dokotala wanga ndi mayi, Dokotala Kalenga. Salankhula mothamanga. Zimene wanena:

Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala kogwira chithunzi, retina. Pakati pake pali kamalo kotchedwa makyula, komwe timawerengera ndi kuzindikira nkhope. Kanga kabooka. Bowolo ndi la theka la milimita, koma iwo akuti ndi lalikulu. Mawa achotsa madzi oundana a mkati mwa diso, asenda kakhungu kamene kakukoka m'mbali mwa bowo, kenako apoperamo mpweya wapadera. Mpweyawo ndiwo bandeji ya mkati. Diso silidzaona kwa masabata angapo mpaka mpweya utatha wokha. Ndikazengereza bowo limakula, mwayi woti litseke umachepa.

Ndiye kuti kwa kanthawi ndidzakhala wopanda diso ndi limodzi lomwe. Ndinafunsa ngati ndingadikire mpaka kutenthe. Anati ndingathe, koma akanakhala mayi ake sakanawalola.

Masana kunabwera Sista Choolwe, nesi wa kafukufuku. Anakhala pabedi langa n'kundiwerengera mapepala onse m'Chinyanja, osalumpha. Nkhani yake ndi iyi: opaleshoni ikatha, madokotala ena amati wodwala aweramitse mutu masiku asanu kuti mpweya uzikanikiza pabowo. Ena amati kukhala tsonga n'kokwanira, kuwerama n'kungozunza anthu okalamba. Palibe amene akudziwa zenizeni, makamaka pa mabowo aakulu ngati langa, amene amafika kuchipatala mochedwa. Choncho akugawa odwala m'magulu awiri. Wosankha si dokotala, ndi kompyuta, ngati maere. Onse timakhala mu wodi masiku asanuwo kuti azitiona.

Ndinamufunsa ngati akutiyesera. Anati opaleshoni ndi imodzimodzi kwa onse, njira ziwirizo zikugwiritsidwa ntchito kale, ndikakana andichitabe opaleshoni, ndipo ndikavomera ndingatuluke tsiku lililonse popanda wondifunsa chifukwa. Ndinasaina pomwe anaika chala changa. Funso lopanda yankho limandisowetsa mtendere, ndi matenda a uphunzitsi.

Pabedi loyandikana nane pali ba Emmy a ku Emmasdale, ogulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, ku Kamwala. Matenda omwewa, koma iwo diso linalo likuona bwino. Nawonso asaina. Akuti, "Ba ticha, ise manje ndise makoswe ya ba dokota." Andigawira chikanda chomwe mwana wawo anabweretsa. Tsabola wambiri.

Madzulo Pearl anaika foni pakhutu la bambo ake. Ndinawauza kuti ndibwera Lolemba. Ndinamva kupuma kwawo, basi.

Lachinayi, 12 Juni

Dzulo sindinalembe. Lero ndikulemba mosaona, ndikutsata lula ndi chala. Mizere ikakwerana zilibe kanthu.

Opaleshoni inachitika dzulo m'mawa. Sanandigoneke tulo. Anabaya jekeseni pambali pa diso, n'kundifunditsa nsalu kumaso. Ululu panalibe. Ndinkaona timithunzi ta zitsulo zawo tikuyenda mkati mwa diso langa lomwe ngati timitengo m'madzi. Dokotala Kalenga ankalankhula ndi mnzake motsitsa mawu. Nthawi ina anati, "Musasunthe tsopano, amayi," ndipo ndinaleka ngakhale kupemphera.

Maere andigwera: mutu pansi. Ba Emmy awagwera kukhala tsonga. Akuti Mulungu akudziwa kuti iwo khosi ndi lalifupi.

Lero achotsa bandeji. Ndikuona ngati munthu amene watsegula maso pansi pa madzi. Kuwala kulipo, dzanja likadutsa ndikudziwa. Presha ya diso 18, akuti ili bwino. Mankhwala odonthezera ndi a mitundu iwiri, kanayi patsiku. Andimanga kalamba pamkono kolembedwa kuti m'diso muli mpweya, ndisakwere ndege. Ba Emmy anaseka mpaka nesi anawaletsa.

Kuwerama kwake: ndimakhala pampando, chipumi pa pilo wopindidwa ngati nkhata pamwamba pa tebulo, nkhope kuyang'ana pansi. Ola lililonse amandilola mphindi khumi zowongola khosi, kudya ndi kupita kuchimbudzi. Kugona n'chafufumimba. Sista Choolwe amabwera kudzaona ndi kulemba. Khosi ndi msana zikuwawa kuposa diso.

Pearl anabwera masana ndi mpunga ndi nyemba. Bambo ake anawasiya ndi ba Chipasha, mlongo wawo wa ku Kabwata. Akuti bashi Pearl akutsokomola kuyambira Lachiwiri ndipo akudya pang'ono. Mwanayu watopa, mawu ake akumveka. Anati amamuyang'ana, iye n'kumangowapatsa chilichonse chimene chili pafupi, osadziwa ngati ndi chimenecho. Ndinamuuza kuti aziwakhazika tsonga powadyetsa, phala likhale lolimbirako kuti lisawatsamwe, ndipo thupi likatentha asadikire.

Lachisanu, 13 Juni

Usiku sindinagone. Khosi.

Presha 20. Diso lofiira, akuti ndi mmene zimakhalira.

Pearl anaimba cha m'ma 11. Bambo ake thupi linatentha, awatengera ku chipatala cha kufupi ndi kwathu, awagoneka. Chibayo. Akuti mwina chakudya chinalowa m'mapapo. Ali pa okisijeni.

Ndinauza Sista Choolwe kuti ndikufuna kupita. Anati palibe angandiletse, koma ndiyambe ndalankhula ndi dokotala, yemwe ali kutiyeta kuchita maopaleshoni mpaka madzulo. Ndinaimbiranso Pearl. Anati ndisavutike, akupuma bwinoko tsopano, ba Chipasha ali pomwepo, ine ndimalize masiku anga. Anandifunsa kuti ndikapita ndikachitako chiyani, poti sindikuona ngakhale kapu ya madzi.

Ndakhala.

Loweruka, 14 Juni

Bashi Pearl amwalira lero m'bandakucha.

Ndilembe mmene zinakhalira, mwina ndidzafuna kudziwa.

Tinali titangomwa tiyi. Nthawi ya alendo inali isanakwane, koma ndinamva nesi akulola munthu kulowa popanda kukangana naye. Ndinamva nsapato za Pearl. Sizinathamange monga zimachitira. Anafika, sanandipatse moni. Anagwada, n'kulowetsa mutu wake kunsi kwa tebulo kuti nkhope yake ikhale pansi pa yanga.

"Mami, ba dadi batisiya."

Ndinadzuka kuti ndikuwe. Ba Emmy anali atafika kale kumbuyo kwanga. Anandigwira pakhosi ndi manja awiri, manja olimba a munthu wonyamula mabelo, n'kubweza mutu wanga pa pilo. Anati, "Lilani chabe pansi, ba ticha. Nili pano." Ndinalira choncho, chowerama, iwo atandigwira, Pearl ali pansi atakumbatira miyendo yanga. Mayi wina wa kumapeto, amene sindikumudziwa dzina, anayamba nyimbo ya Chibemba motsitsa.

Dokotala Kalenga anabwera ngakhale silinali tsiku lake. Anakhala pansi penipeni, pasimenti, kuti ndimumve bwino. Anati kulira sikuwononga diso, bola ndisalitikite. Ndinamufunsa mwachindunji kuti ndikapita kumaliro n'kulephera kuwerama, diso lifa kodi?

"Sindikudziwa, amayi. Tikanakhala kuti tikudziwa, kafukufukuyu sakanakhalapo."

Anati ndingatuluke m'kafukufuku, palibe adzandiimbe mlandu. Ndingathenso kukhalamo, n'kumawerama kunyumba mmene ndingathere, kenako n'kudzawauza zoona za maola amene ndalephera. Ndinati ndikhalamo. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina chifukwa ndikatuluka, ndiye kuti dzulo ndinakhalira chiyani?

Andipatsa mankhwala ndi chotchinga cha pulasitiki chomata padiso. Mutu ukayamba kuwawa kwambiri kapena ndikasanza, ndibwerere msanga. Sista Choolwe waphunzitsa Pearl kudontheza.

Galimoto yafika.

Lamlungu, 15 Juni, ku Chelstone

Mipando yonse aitulutsa. Amuna ali panja pa tenti, azimayi tadzaza m'nyumba. Ine andiika pa matiresi pakona ya pabalaza, andifunditsa chitenje kumutu. Mkazi wamasiye amayenera kuzolika, choncho palibe akudabwa. Amayi a kutchalitchi ndawamva akuyamikira kuti bana Pearl akulira mwaulemu, sakudzutsa n'komwe mutu.

Anthu akubwera, akugwada, akundigwira dzanja, akutchula mayina awo Pearl akawauza kuti sindikuona. Anzawo a ku Intercity anabwera gulu. Mmodzi anati mpaka lero pamalo pomwe ankaima amapatchabe kuti pa Chabala.

Utsi wa mbaula ukulowa m'nyumba, diso likuyabwa.

Ba Chipasha sanandilankhule dzulo lonse. Lero masana anakhala pafupi nane n'kuyamba kulira mokweza, monga amachitira akwawo, kulira kokhala ndi mawu mkati. Ankafunsa mlongo wawo kuti n'chifukwa chiyani wafa ngati munthu wosakwatira, kumwetsedwa madzi ndi mlongo pamene mkazi alipo. Atatha anatsitsa mawu n'kundiuza ine ndekha:

"Mulamu, diso sembe inayembekeza. Munthu sayembekeza."

Zimene ananenazo ndinali nditadziuza kale.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndabwerera mu wodi. Bedi lina, la pafupi ndi khomo.

Dzulo titachoka kumanda mutu unayamba kuwawa mbali yamanzere ngati akukhomamo msomali. Usiku ndinasanza kawiri. M'mawa Pearl wandibweretsa. Presha 41. Andipatsa mapiritsi ndi mankhwala ena awiri odonthezera, andigonekanso. Dokotala Kalenga akuti zimachitika diso likakhala ndi mpweya, si chifukwa cha maliro. Sindikudziwa ngati akunena zoona kapena akundimvera chisoni. Mapiritsiwo akuchititsa zala dzanzi.

Sista Choolwe wandifunsa maola amene ndinawerama kunyumba. Ndamuuza zoona. Loweruka ndi Lamlungu pafupifupi onse. Dzulo ochepa. Walemba, kenako anandisisita pakhosi nthawi yaitali. Masiku owerama atha. Ndingakhale tsonga tsopano. Khosi lakana kuwongoka.

Za dzulo.

Misa inali kutchalitchi kwathu. Nthawi yoona nkhope itakwana, anthu anayamba kudutsa pabokosi, akubanja tinali omaliza. Pearl anandigwira mkono wamanja. Nditafika ndinawerama, ndinachotsa chotchinga chija padiso ngakhale anandiletsa. Ndinayandikira mpaka ndinamva fungo la vanishi ndi maluwa. Ndinaona choyera, ndi chakuda pakati pake, zikugwedezeka ngati zili m'beseni la madzi. Ndinayesa cham'mbali monga ndinkachitira kale. Palibe.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, kwaya inabwereza nyimbo. Ndinatambasula dzanja koma ndinagwira nsalu ya m'mbali mwa bokosi, sindinadziwe kuti mutu uli chakuti.

Wina anandigwira dzanja lamanzere. Ndinadziwa ndi mafuta amene amadzola kuti ndi ba Chipasha. Analitenga n'kuliika pachipumi pa mlongo wawo.

"Ni apa, bana Pearl."

Analiyendetsa okha pang'onopang'ono, pa nsidze, pamphuno, patsaya. Anali atawameta bwino. Mbali ya pakamwa imene sitiroko inakokera pansi inali itawongoka, kaya anaikonza ndi a kumotchale kaya imfa imatero. Ba Chipasha ankandinong'oneza zimene sindikuona: suti yakuda ija ya pa ukwati wa Pearl, tayi yofiirira, kolona m'manja. Anati akuoneka ngati mmene ankaonekera asanadwale. Kenako bokosi analitseka.

Kumanda ndinaponya dothi komwe anandilozetsa dzanja.

Lachitatu, 18 Juni

Presha 29. Mutu wachepa.

Ba Emmy anatuluka Lolemba. Pabedi lawo pali mtsikana wa ku Woodlands amene retina yake inamatuka, akudikira opaleshoni. Salankhula, amangomvera nyimbo m'makutu.

Sindinadye.

Lachinayi, 19 Juni

Presha 22. Asiya mapiritsi, atsala odonthezera.

Ndimadzidzimuka nthawi imene ndinkawatembenuza. Thupi silinamve kuti ntchitoyo yatha.

Ba Emmy anabwera masana kudzandiona, ndi mbatata yowotcha ndi juzi ya pa salaula yawo. Akuti ndi ya mu belo la nambala wani, ndisaichapire sopo wa chabechabe. Anapepesa kuti sanafike kumaliro. Anakhala ola lonse akundisimbira za mpongozi wawo amene sadziwa kuphika ifisashi, ndiwo zotendera. Ndinaseka kamodzi, kenako ndinachita manyazi.

Ba Chipasha anatumiza uthenga kudzera mwa Pearl kuti nyumba akuisamala, ndisafulumire.

Lachisanu, 20 Juni

Presha 17. Anditulutsa.

Pamwamba pa zimene ndikuona payamba kuoneka kampata kowala, ndi mzere wakuda wopingasa umene umagwedezeka ndikasuntha mutu. Dokotala akuti ndi malire a mpweya. Mzerewo uzitsika tsiku ndi tsiku, pamwamba pake ndiziona. Ndibwerenso pa 2 Julayi.

Ndikakhala kwa Pearl ku Kabwata kaye. Ku Chelstone sindingathe.

Lachitatu, 2 Julayi

Tsiku loonedwanso. Tinafika m'mawa, tinadikira pabenchi mpaka dzuwa kutentha.

Mzere uja watsika kupitirira pakati. Pamwamba pake ndikuona denga, nthambi za mitengo, mitu ya anthu aatali. Pansi pake madzi okhaokha. Ndikayenda ndimakhala ngati ndanyamula kapu yodzaza theka m'mutu.

Andikhazika pa OCT. Kanyali kobiriwira kaja ndakaona, kosaoneka bwino koma kalipo. Wojambulayo anaitana Dokotala Kalenga, ndinamva akudina makina kangapo. Kenako dokotala anati bowo latseka. Anabwereza, mwina poganiza kuti sindinamve. Mawu ake anali a munthu wokondwa zedi, ndipo ndinamuthokoza, chifukwa ntchito anaigwira bwino.

Pabenchi ndinakumana ndi ba Emmy. Lawonso latseka. Iwo amene anakhala tsonga masiku onse aja akucheza ndi wodi yonse.

Ndinabwerera kwa Sista Choolwe n'kumufunsa ngati zikutanthauza kuti kuwerama kunalibe ntchito. Anati anthu awiri sangayankhe funsolo. Akufunika ambirimbiri, ndipo yankho lidzatuluka mwina pakatha zaka ziwiri. Anati likadzatuluka adzandiimbira ndithu. Ndinamuuza kuti adzandiimbire, ngakhale yankho lake likhale liti.

Mu basi Pearl anafuna kuimbira anthu kuwauza nkhani yabwino. Ndinamupempha kuti adikire tifike.

Lachitatu, 23 Julayi

Mpweya watha. Sabata yatha kanatsala kakang'ono ngati kambewu ka mpiru kakuvina pansi pa diso, Lamlungu m'mawa ndinadzuka kulibe.

Presha 15. Pa bolodi ndawerenga mizere inayi, moyang'ana mwachindunji. Zilembo zikupindikabe pang'ono pakati, akuti mwina zidzawongoka, mwina ayi. Ng'ala ingabwere m'chaka chimodzi kapena ziwiri, imachitika pambuyo pa opaleshoni yotere, ndipo imachotsedwa. Mankhwala ndisiye onse kupatula amodzi. Ndibwerenso mu Seputembala, ndiwo muyezo womaliza wa kafukufuku. Tsamba lino ndalemba popanda lula.

Ndaona nkhope ya Dokotala Kalenga koyamba. Ndi mwana, sangapose Pearl. Sista Choolwe ali ndi mpata pakati pa mano. Ndinawayang'anitsitsa onse awiri mpaka anaseka.

Titatuluka tinakhala pakhonde la chipatala kudikira mpongozi wanga kuti adzatitenge. Pearl ankangotembenuza foni m'manja. Nayenso ndinali ndisanamuone bwino chichitikireni maliro. Waonda, ndipo m'maso mwake muli zimene sindinkazimva m'mawu.

Anati ali ndi chinthu chimene wakhala akusunga. Lachisanu lija m'mawa, asanawatengere kuchipatala, bambo ake ankachita chinachake ndi nkhope mobwerezabwereza. Iye anawajambula vidiyo kuti anditumizire ndimuuze tanthauzo lake. Atajambula ndi pomwe anakumbukira kuti sindingaone. Kuyambira tsiku limenelo sanauze munthu, ndipo sakugona.

Anandipatsa foni. Ndinaiyandikitsa.

Anali pabedi lathu, atatsamira mapilo awiri, atavala juzi yabulauni. Anaonda masiku ochepa okhawo. Ndinaona maso awo, onse awiri, ndi pakamwa. Anayang'ana Pearl, kenako anakweza nsidze yamanzere, n'kutembenuzira maso kukhomo. Anabwerera kwa Pearl. Nsidze, khomo. Dzanja lawo labwino linkamenya pang'onopang'ono pamatiresi, pambali pawo. Mawu a Pearl ankamveka kumbuyo akufunsa ngati akufuna madzi, ngati akuzizidwa. Iwo anatsinzina, n'kuyambiranso.

Pearl anati anawapatsa madzi, anawafunditsa, anawatembenuza, anatsegula wailesi, koma sanasiye mpaka galimoto inafika.

"Benze kufuna chani, mami? Niuzeni chabe, olo nichinthu chamene nenze nifunika kuchita."

Ndinamuuza kuti ankafuna kutembenuzidwa, ndipo anawatembenuza, anachita bwino. Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikunama. Kenako anatulutsa mpweya wautali, anaika mutu paphewa langa n'kulira ngati kamwana, anthu akudutsa.

Ndamupempha kuti anditumizire vidiyoyo pa foni yanga.

Nkhope imeneyo ndimaidziwa. Ankaichita kwa aliyense amene ndawasiya naye ndikachedwa kumsika kapena kutchalitchi. Ankafunsa kuti ndili kuti.

Ndaionera kanayi chifikireni kunyumba. Diso likuona bwino.